A Savelyich ndi Masiginecha Khumi

M'tauni yathu aliyense ali ndi moni wake. Wina amafunsa za thupi, wina za adzukulu, wina amangogwedeza mutu chifukwa kuzizira kwamumata milomo. Koma malemu a Rodion Savelyevich, amene tonse tinkangowatchula kuti a Savelyich, moni wawo unali umodzi, kuzizire kutenthe: "Chiphaso muli nacho pafupi?"

Taisiya Fominichna anaumva koyamba moni umenewu pa tsiku losayenera n'komwe. Anali atakhala m'nyumba yathu yosanja kasanu kwa zaka zambiri, koma ndi mayi woyang'ana pansi akamayenda, moti anthu ambiri ankawadziwira nsapato zokha. Komanso mwamuna wake Yefim ankadzikonzera yekha mapaipi, choncho pulambala wa nyumbayo, a Savelyich amenewa, anali asanapondepo pakhomo pake. Ndiye Yefim anamwalira. Pa tsiku la makumi anayi chimwalirireni Yefim, Taisiya anayala tebulo monga mwa mwambo: mpunga wa uchi, zitumbuwa zopyapyala zotentha zotchedwa mabulini, nkhaka za mchere, ndi kapu ya vodika yovundikira ndi buledi wakuda patsogolo pa chithunzi cha malemu. Anthu makumi awiri anathithikana m'kachipinda kamodzi.

Kumapeto kwa tebulo kunakhala bambo wamtali, woonda ngati mlongoti, makutu otambasuka ngati zigwiriro za poto. Anadya mwaulemu, ndipo nthawi yawo itakwana analankhula mawu abwino za Yefim. Kenako Taisiya anaona milomo yawo ikuyenda pang'onopang'ono. Ankawerenga mitu. Dzanja lawo linatsetserekera m'chikwama chachikopa chimene anachipanira pakati pa miyendo.

"A Savelyich, ayi!" anakuwa a Klavdiya Lvovna, mkulu wa nyumba yathu, amene amasunga makiyi a chipinda chapansi pamodzi ndi nkhani za munthu aliyense. "Chotsani dzanja mmenemo!"

"Ndikungofuna kampango."

"Kampango ka mizere ndi timabokosi? Anthu akulira pano!"

"Akulira atakhala pansi, a Klavdiya Lvovna. Mukudziwa kuti ndi liti ndinaonapo anthu makumi awiri atakhala pamodzi, onse akuluakulu, khomo lotulukira lili limodzi?" Anatembenukira bambo amene anayandikana naye. "Chiphaso muli nacho pafupi?"

Ngakhale moto ukanabuka, anthu sakanatuluka msanga chotero. Wina anakumbukira ketulo imene anaisiya pamoto, wina mphaka, wina anangonyamuka akutafuna. Patatha mphindi khumi Taisiya anatsala ndi mulu wa mabulini, chithunzi cha Yefim, ndi bambo wa makutu uja, atafiira psuu mpaka m'khosi. Bamboyo anamutsukira mbale zonse, anakonza mpopi umene unayamba kudontha Yefim atangogonekedwa m'chipatala, ndipo atafika pakhomo anavula chipewa.

"Ndachimwa, a Fominichna. Khomo lanu lino sindidzagogodapo ndi pepala."

Mawu amenewo anawasunga zaka zisanu ndi zinayi.

Nkhani ya pepalayo inali iyi. A Savelyich ankafuna kukhala khansala wa dera lathu, koma analibe chipani. Chipani chachikulu ankachitukwana, ndipo tizipani tinato ankati ndi tiana ta chachikulucho. Tsono munthu wopanda chipani, kuti dzina lake lingolowa pa pepala lovotera, ayenera kubweretsa masiginecha khumi a anthu a m'deralo, aliyense ndi nambala ya chiphaso chake, adiresi, ndi deti lolemba ndi dzanja lake. Khumi okha. M'nyumba yathu muli makomo makumi asanu ndi atatu, ndipo palibe khitchini imene a Savelyich sanagwademo pansi pa sinki. Zisankho zinadutsa zinayi, ndipo sanapitirirepo masiginecha asanu ndi awiri. Chisankho chikatha sankapuma. Ankayamba kusonkhanitsa ena, a kalata yodandaula za denga, za dzenje la pamsewu, za utsi wa kufakitale ya njerwa. N'chifukwa chake moni uja sunkasintha.

Tisanamizane, anthu ankawakonda. Amayi a pa benchi ya pakhomo lolowera ankachita kuwaitana okha, ndipo Taisiya ankamva zonse ali kuseri kwa katani, pa zenera lake la nsanjika yachiwiri.

"A Savelyich, tabwerani mutiuze, lero boma lalakwanso chiyani?"

"Mtengo wa mazira mwauona?"

"Tauona! Akuba okhaokha, kuyambira pansi mpaka pamwamba!"

"Mwanena bwino. Ndiye sainani apa."

"Iii, ayi. Awa anaba kale, anakhuta. Inu mukalowa ndi njala yanuyo mudzakomba ndi poto yemwe."

"Ine? Zaka makumi atatu ndikulowa m'nyumba zanu, inu kulibe, makiyi mutandisiyira. Ndinakuberanipo supuni?"

"Simunalowebe m'khonsolo," a Klavdiya Lvovna ankatero akulavula khoko la mpendadzuwa. "Komanso pa kanema ananena bwinobwino kuti otsutsa nonsenu amakulipirani ndi a ku Amereka."

A Savelyich ankakweza phazi n'kuonetsa nsapato yoyasama kukamwa. "Ngati ndi choncho, ndiye kuti Amerekayo ndi womana kuposa fakitale ya njerwa."

Amayi ankaseka mpaka kupukuta misozi, n'kuwathirira nthanga za mpendadzuwa m'dzanja. Kenako wina ankati, "Koma mawa mubwere mudzandionere chimbudzi, chikungolira." Pepala n'kubwerera m'chikwama loyera monga linatulukira.

Woopsa kuposa onse anali Genka, woyendetsa takisi. Genka akatsegula pakamwa kugalaja, munthu unkaganiza kuti mawa lomwe aguba yekha kupita ku likulu. Akuluakulu onse ankafuna kuwapachika pa mapolo a magetsi, mmodzimmodzi, motsatira maudindo. Koma chiphaso chake chinali choyendayenda kuposa takisi yake. Lero chili ndi mkazi wake, mawa chili kwa apongozi, ndipo kamodzi akuti chinachapidwira m'buluku.

"Ndikuuzeni chilungamo, madala," anatero tsiku lina akupukuta galasi la galimoto. "Wotsutsa weniweni amakhala m'ndende. Inu zaka zonsezi mukungoyenda ndi kachikwama kanu, palibe wokugwirani. Ndiye kuti ndinu wawo. Amakusungani kuti muziwalembera mayina athu."

"Mayina ake ati, Genka? Pepala ndi ili, loyera."

"Ndi chifukwa chake. Ndife ochenjera."

Chaka cha chisankho chachisanu, mu February, khonsolo inachotsa basi nambala sikisi. Basi imeneyi ndi yokhayo imene inkapita kumanda, mtunda wa makilomita asanu ndi awiri kunja kwa tauni. Anati ilibe phindu, okwera ake ndi nkhalamba zokhazokha. Taisiya ankapita kwa Yefim Loweruka lililonse. Tsopano anayamba kuyenda wapansi m'mphepete mwa msewu, malole akumuwaza chipale chamatope, ndipo ankabwerako mawondo atatupa. Sanadandaule kwa munthu. Koma Loweruka lina a Savelyich anamupeza akukwera masitepe atagwira khoma ndi manja onse awiri. Anamuyang'ana nsapato, anamuyang'ana kumaso.

Lolemba m'mawa anakaima pakhomo pa khonsolo atanyamula chikatoni cholembedwa kuti: "Bwezani basi nambala sikisi. Akufa nawo ali ndi alendo." Anaimapo mphindi makumi awiri. Kunabwera apolisi awiri, mmodzi mwa iwo a Savelyich anali atamukonzerapo bafa, ndipo anawakweza m'galimoto mwaulemu kwambiri. Anawapatsa masiku khumi m'chitokosi.

"Mwaona?" Genka anauza amayi a pa benchi. "Chigawenga! Munthu wabwinobwino samangidwa. Ine ndinkanena."

Taisiya ankadutsa ndi thumba la mbatata. Anaima pang'ono, chifukwa ankakumbuka bwino zimene Genka ankanena. Kenako anakonza mpango wake n'kulowa.

Pa tsiku lachitatu kunazizira koopsa, ndipo paipi yaikulu yotenthetsera nyumba inaphulika m'chipinda chapansi. Makomo onse makumi asanu ndi atatu anasanduka filiji. Anthu ankaphika atavala zikhoti. Ofesi yoyang'anira nyumba inati itumiza munthu Lolemba, koma sinanene Lolemba lake. Ndipo mapaipi a nyumba yathu, amene anakulungana ngati matumbo, ankawadziwa munthu mmodzi yekha.

A Klavdiya Lvovna anakhala pansi n'kulemba kalata. Inkati: "Ife okhala m'nyumba ino, anthu okonda mtendere ndi othokoza boma lathu, tikupempha kuti mutibwezere pulambala wathu. Maganizo ake sitigwirizana nawo ngakhale pang'ono, koma ana akuzizidwa." Anayenda nayo khomo ndi khomo. Palibe amene anakumbukira ketulo kapena mphaka. Genka anasaina kawiri, kachiwiriko m'malo mwa mkazi wake. Taisiya naye anasaina, pansi pa mawu omwewo, ndipo dzanja lake silinavute konse.

Pa tsiku lachisanu galimoto ya apolisi inaima pakhomo pathu, ndipo a Savelyich anatsika ndevu zili nyankhalala n'kulowa molunjika m'chipinda chapansi. Pofika masana mapaipi anayamba kulira, kenako kufunda. Atatuluka, akuda bii mpaka m'zigongono, a Klavdiya Lvovna anawaonetsa kope ya kalata ija monyadira.

"Muziona mmene timakukonderani."

A Savelyich anaiwerenga. Kenako milomo yawo inayamba kuyenda. Anakhala pansi pa sitepe.

"Makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Tsiku limodzi?"

"Theka la tsiku. Ena anali kuntchito."

"A Klavdiya Lvovna, ine zaka makumi awiri ndakhala ndikupempha khumi."

"Izo ndi zina. Izi si ndale, ndi mapaipi."

"Nanga basi yopita kumanda ndi ndale?"

"Mukaigwira inuyo imasanduka ndale."

Anatsitsa chala chawo chakuda pa mayinawo, limodzilimodzi. Taisiya anali ataima pamwamba pa masitepe ndipo anaona pamene chalacho chinaima kamphindi. Anadziwa kuti ndi pa dzina lake. Chala chinapitirira.

July atafika, a Savelyich anachita zimene sanachitepo chiyambire: anapeza masiginecha asanu ndi anayi. Anasaina mphunzitsi wakale wa zaka makumi asanu ndi anayi amene ankati ndakalamba, andichotsa pa chiyani. Anasaina ophunzira atatu a ku koleji amene anabwera kutchuthi, amayi anayi amasiye a kumsewu wina amene basi ija inkawatenga, ndi bambo wina amene amasaina chilichonse malinga umumvetsere nkhani ya nsomba imene inamupulumuka. Inatsala imodzi, ndipo mapepala ankayenera kukaperekedwa Lachisanu isanakwane sikisi koloko madzulo.

Taisiya ankaphika phala ndi msuzi wa kabichi pa sukulu ya mkaka ya boma, ndipo zinali zitamutsalira zaka ziwiri kuti apite pa penshoni. Mkulu wa sukuluyo, a Nelli Arkadyevna, anali atasonkhanitsa kale antchito onse. "Ine sindiletsa munthu," anatero akumwetulira. "Aliyense ali ndi ufulu. Ndikungokukumbutsani kuti mayina a osaina amawerengedwa, komanso kuti anthu odziwa kuphika phala m'tauni muno ndi ambiri."

Lachinayi madzulo Taisiya anamva a Savelyich akuyamba pa nsanjika yoyamba. Go, go, go. Zii. Ankamva anthu akutsitsa mawu a kanema kuti aoneke ngati kulibe. Go, go, go. Khomo lina galu anauwa kamodzi n'kutsekedwa pakamwa. Mapazi anakwera kufika pa nsanjika yachiwiri, anagogoda kumanzere, anagogoda kumanja, anadutsa khomo lake osachepetsa n'komwe liwiro, n'kupitirira kumwamba. Zinamupweteka kuposa akanagogoda.

Lachisanu m'mawa, asanapite kuntchito, anakwera mpaka nsanjika yachisanu. Pakhomo pa a Savelyich anaimapo nthawi yokwanira kuwiritsa dzira.

"A Fominichna! Mpopi wayambanso?"

"Ayi."

Anatulutsa chiphaso m'thumba la epuloni. A Savelyich anachiyang'ana ngati chinthu chimene amangochimva m'nkhani.

"Mukukumbuka kumene mumagwira ntchito?"

"Ndikukumbuka. Ndipatseni msanga ndisanaganize."

Anasaina ali chiimire, pepala lili pamwamba pa filiji. Dzanja lake, lomwe lija linasaina bwinobwino kalata ya pulambala, linangoti njenjenje. Dzina linatuluka lokhotakhota ngati payenda nkhuku, ndipo deti linatsetsereka kutuluka m'kabokosi. A Savelyich analiuzira kuti liume, anavala taye pamwamba pa shati ya ntchito, n'kuthamanga. Anthu amene anawaona tsiku limenelo akuti makutu awo ankakupiza.

Patatha sabata kalata inabwera kuchokera ku komiti yoyendetsa chisankho. Masiginecha asanu ndi anayi anali abwino. Yachikhumi, katswiri woona kalembedwe ka anthu anapeza kuti sinalembedwe ndi mwini wake. Choncho dzina la a Savelyich silikanalowa pa pepala lovotera, ndipo nkhani yopeka siginecha ikanatha kupita kupolisi.

Pa benchi panali chikondwerero.

"Ayamba kuba asanalowe n'komwe!"

"Siginecha ya mayi wamasiye, anthuni! Alibe manyazi."

"Taya, tabwera kuno, mwana wanga," a Klavdiya Lvovna anakodola Taisiya, amene ankamutchula mwachidule kuti Taya. "Nambala ya chiphaso chako anaitenga bwanji? Anaiona pokonza mpopi, eti? Usaope, tonse tikudziwa kuti iwe sungachite zimenezo."

Taisiya anayang'ana nsapato zawo zonse, n'kukwera kwake.

Kuntchito a Nelli Arkadyevna anamuitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. "Mwayi wanu ndi waukulu, a Taisiya Fominichna. Ndinamva kuti dzina lanu lapezeka pa pepala linalake, mtima wanga unangoti myu. Koma katswiri wanena kuti si inu. Ndiye kuti si inu. Si choncho?" Taisiya anayang'ana kapeti. "Ndimadziwa. Bwererani kumapoto."

Basi, nkhani inaima pamenepo, yomveka ngati madzi a pampopi. A Savelyich akakhalabe wakuba, Taisiya akhalabe wophika phala mpaka penshoni. Sankafunika kunama. Ankangofunika kuchita chimene ankachidziwa bwino kuposa aliyense m'nyumba yathu, kukhala chete.

A Savelyich anachita apilo, ndipo komiti inawaitana Lachitatu. Sanamupemphe kanthu. Atakumana pa masitepe Lachiwiri anangoti, "Musabwere. Ine ndinawazolowera anthu aja."

Lachitatu Taisiya anatereka phala, analivundula, analisiyira mnzake, n'kuvala diresi limene anavala pamaliro a Yefim, poti ndi lokhalo labwino. Mu holo ya komiti munali mbendera, tebulo lalitali, anthu asanu ndi awiri, ndi mayi wapampando wa tsitsi lounjika pamwamba ngati buledi. A Savelyich anali ataimirira pakati akukupiza manja. Atamuona anasiya mawu pakatikati.

"Inu mayi, ndinu ndani?" anafunsa wapampando.

Mawu ake oyamba sanamveke. Anatsokomola.

"Ndine siginecha yachikhumi."

"Mwati?"

"Ndinasaina ndine. Chiphaso ndi ichi. Dzanja linkanjenjemera."

"Linkanjenjemera chifukwa chiyani? Mumadwala?"

"Ndinkakuopani."

Bambo wina wa kumapeto kwa tebulo anayamba kufufuza chinthu m'thumba mwake chimene munalibe. Wapampando anakonza magalasi.

"Mayi, ife sitikukana kuti inu mulipo. Tikukuonani. Koma katswiri ali ndi satifiketi, ndipo pepala lake lili ndi chidindo. Inu muli ndi chidindo?"

"Mwini dzanja ndi ameneyu!" anakuwa a Savelyich. "Dzanja lake ndi ilo, abwera nalo!"

"Mwini dzanja si katswiri wa dzanja, a Rodion Savelyevich. Khalani pansi."

"Ndikhoza kusainanso pompano, inu mukuona," anatero Taisiya.

"Nthawi yolandira masiginecha inatha."

"Koma zimene bambo awa akunena za basi ndi zoona, mayi. Ine ndimayenda wapansi. Zimene amanena zonse ndi zoona."

"Za mabasi si za komiti ino."

Anavota. Manja asanu ndi awiri anakwera nthawi imodzi ngati amangidwa ku chingwe chimodzi. Siginecha inakhalabe yabodza. Koma poti mwini wake anabwera kudzaivomera, nkhani ya kupolisi anati aisiya. Mlembi anafunsa Taisiya dzina lake lonse ndi kumene amagwira ntchito, ndipo analemba mosamala kwambiri.

Lolemba a Nelli Arkadyevna anamupatsa pepala loyera ndi cholembera. Anamuuza mawu oti alembe, akuti akusiya ntchito mwa kufuna kwake. Sanamwetulire, ndipo sanamuyang'ane. Kuyambira mwezi wotsatira Taisiya anayamba kukolopa m'sitolo ya mankhwala.

Mukuganiza kuti pa benchi anachita manyazi? Anangosintha nyimbo.

"Taya ameneyu, ofatsa ndi oopsa."

"Ndale zake ziti? Uyu wamasiye, awo sanakwatirepo. Werengani nokha."

"Ndiye mpopi uja unkadontha pafupipafupi eti!"

Genka yekha anali ndi maganizo ena. Anati n'zoonekeratu kuti onse awiri ndi a boma, apo ayi bwenzi atawamanga.

Chisankho chinachitika mu September. Anapambana munthu wina wa kufakitale ya njerwa amene palibe anamuonapo nkhope kupatula pa chikwangwani cha pa siteji. Ambiri a m'nyumba yathu sanapite n'komwe kukavota, poti akuti palibe womusankha. Basi nambala sikisi sinabwerere.

A Savelyich anamwalira kumapeto kwa November, m'chipinda chapansi, sipanala ili m'manja. Mtima. Ankamanga mapaipi kukonzekera kuzizira. Pa tsiku la maliro, poti kunalibe basi, kumanda kunafika anthu khumi ndi mmodzi. Genka anayenda maulendo awiri ndi takisi yake osalipiritsa munthu, akulira ndi kutukwana boma njira yonse, mawindo atatseka. Pa manda a Klavdiya Lvovna analankhula m'malo mwa nyumba yonse.

"Manja odala. Mtima wabwino. Mutu wokha ndi umene unaonongeka ndi ndale, koma ife tinawakhululukira."

Lero m'nyumba yathu mipopi ikudontha kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo wokonza wa ku ofesi amabwera Lolemba lomwe lija. Pa masitepe pali phee. Munthu akagogoda, anthu amatsegula osatsitsa kanema, chifukwa amadziwa kuti ndi wa positi kapena wogulitsa mbatata. Pa benchi amatukwanabe mtengo wa mazira, akuba okhaokha kuyambira pansi mpaka pamwamba, koma nkhani imathera m'malere. Amafika pa malo paja pamene pepala linkatuluka, n'kuyang'anana. Akusowa womukana. Tsiku lina a Klavdiya Lvovna anausa moyo n'kunena kuti masiku ano kulibe anthu olimba mtima, ndipo Genka anamenya pa denga la takisi yake n'kulumbira kuti madala aja akanakhala moyo, iyeyo akanakhala woyamba kusaina. Taisiya anali akudutsa. Nthawi imeneyi anaima n'kumuyang'ana kumaso mpaka Genka anayamba kupukuta galasi loyera kale.

Taisiya anaonana ndi a Savelyich komaliza kutatsala masiku awiri kuti amwalire. Linali Loweruka, akuchokera kumanda wapansi, ndipo anali atadzera kumsika. A Savelyich anamupeza pakhomo lolowera, anamulanda thumba la kabichi n'kuyamba kukwera nalo. Pa nsanjika yoyamba anaima kupuma, chinthu chimene sankachita kale. Pamenepo Taisiya ananena mawu amene anali atawasunga miyezi inayi.

"Ndinakuonongerani, a Savelyich. Dzanja langali likanapanda kunjenjemera, bwenzi dzina lanu litalowa."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kukwera masitepe otsalawo mmodzimmodzi, akupumira m'mwamba. Atafika pakhomo pake anatsamira khoma.

"Likanawongoka akananena kuti lawongoka kwambiri. Musadzivute, a Fominichna. Zaka makumi awiri anthu akhala akundiuza kuti ndikunena zoona, koma kukhitchini, mpopi atautsegula kuti khoma lisamve. Pamaso pa mbendera ananena ndi munthu mmodzi yekha, atavala diresi lakuda. Ine chisankho chija ndinawina, voti imodzi kwa ziro. Tsopano tsegulani chitsekocho, kabichi wanuyu akulemera."